Ukakhala chete, ukuteteza ndani? Za Hemingway ndi Faulkner

Sabata ino tiwoloke nyanja, tikacheze ku America kwa alembi awiri amene kalembedwe kawo kanasiyana ngati usiku ndi usana, Ernest Hemingway ndi William Faulkner. Ndineneretu kuti sindinabwere kudzapereka mphoto kwa wina. Onse awiri analandira kale ya Nobel, Faulkner ya 1949, Hemingway ya 1954, ndiye yangayi sangaisowe. Funso limene ndabwera nalo ndi ili: munthu akakumana ndi chinthu chowawa, chabwino n'chiti, kunena zochepa kapena kukhuthula zonse? Kodi kukhala chete ndi ulemu, kapena ndi njira yobisira mlandu?

Tiyambire pa mkangano wawo. Mu Epulo 1947, Faulkner ankacheza ndi ophunzira pa yunivesite ya Mississippi, ndipo anamupempha kuti asanje alembi a m'nthawi yake malinga ndi luso lawo. Iye anaika Thomas Wolfe patsogolo, iye mwini pachiwiri, John Dos Passos pachitatu, Hemingway pachinayi, John Steinbeck kumapeto. Za Hemingway ananena kuti alibe kulimba mtima, sanayesepo chinthu choti chingamugwetse, ndipo sanalembepo liwu loti wowerenga n'kukatsegula mtanthauziramawu. Nkhaniyi itafika m'nyuzipepala, Hemingway anapsa mtima kwambiri, poganiza kuti wanenedwa kuti ndi wamantha pa nkhondo. Anapempha mnzake, mkulu wa asilikali dzina lake Buck Lanham, kuti alembere Faulkner kalata yochitira umboni kuti iyeyo zipolopolo saziopa. Faulkner anapepesa n'kufotokoza kuti ankanena za kulimba mtima kwa papepala. Patapita zaka, mnzake wina wa Hemingway anafotokoza yankho limene mkuluyu anapereka ali pocheza, lakuti mawu akuluakulu amawadziwa bwinobwino, koma kukula kwa liwu sikutanthauza kukula kwa zimene mtima ukumva.

Ambiri nkhaniyi amaikonda ngati miseche ya alembi basi. Koma taonani chimene anakanganirana: kulimba mtima. Onse awiri ankaona kuti kutalika kapena kufupika kwa chiganizo kumaulula khalidwe la wolemba. Pamenepo ine ndikugwirizana nawo. Mmene munthu amafotokozera chinthu chowawa zimasonyeza amene akumuchitira chifundo, komanso amene akumuteteza.

Hemingway anabadwa mu 1899 ku Oak Park, pafupi ndi mzinda wa Chicago. Atamaliza sekondale sanapite ku koleji. Analowa ntchito ya utolankhani ku nyuzipepala ya Kansas City Star, kumene malamulo ankati ziganizo zikhale zazifupi, ndime yoyamba ikhale yaifupi, mawu ongokometsera achotsedwe. Mu 1918 anapita ku Italy kukayendetsa ambulansi ya Red Cross pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Pa 8 Julaye chaka chomwecho, asanakwanitse zaka 19, bomba linaphulika pafupi naye m'mbali mwa mtsinje wa Piave, ndipo tizidutswa ta chitsulo toposa 200 tinalowa m'miyendo mwake.

Anyamata a msinkhu wake anatumizidwa ku nkhondoyo ndi mawu okoma a andale ndi akuluakulu a asilikali: ulemerero, ulemu, kudzipereka nsembe. Anakapeza matope ndi mitembo. N'chifukwa chake m'buku la A Farewell to Arms la 1929, mpangankhani wamkulu, Frederic Henry, amafika pochita manyazi akamva mawu oterowo, n'kumaona kuti zimene zatsala ndi ulemu ndi mayina a midzi, a mitsinje, manambala a misewu ndi madeti. Kalembedwe konse ka Hemingway kachokera pamenepa. Munthu amene ananamizidwa ndi mawu akuluakulu amakhulupirira zokhazo zimene angazikhudze ndi dzanja.

M'buku la Death in the Afternoon la 1932 anafotokoza njira yake poifanizira ndi chimulu cha madzi oundana choyandama panyanja, chimene gawo limodzi lokha mwa magawo 8 ndi limene limaonekera pamwamba. Kwathu kuno madzi oundana oyandama sitiwadziwa, koma mvuu timaidziwa. Wopalasa bwato pa Shire akaona timakutu ndi timaso pamwamba pa madzi sanena kuti kanyamako n'kakang'ono. Amadziwa chimene chili pansi, ndipo amakhota msanga. Hemingway ankafuna kuti wowerenga akhale ngati wopalasa ameneyu. Anaikanso chenjezo: wolemba angasiye chinthu ngati akuchidziwa bwino, koma akasiya chifukwa chosachidziwa, nkhani imangokhala ndi mphako.

Chitsanzo chabwino ndi nthano yaifupi ya Big Two-Hearted River ya 1925. Mnyamata wotchedwa Nick Adams akutsika sitima pa tauni ya Seney ku Michigan, napeza kuti tauniyo inapsa yonse, mpaka ziwala zake zada ndi mwaye. Akuyenda ndi katundu kumsana, akukhoma tenti, akutenthetsa chakudya cha m'chitini, akuphika khofi, m'mawa akuwedza nsomba. Nkhani yonse ndi yomweyo. Koma chilichonse akuchichita mosamala mopitirira muyezo, ngati munthu woopa kuti manja akangoima, mutu uyamba kuganiza. Kutsogolo kwa mtsinjewo kuli dambo la mdima, ndipo Nick akuti kumeneko sapitako lero. Hemingway anadzanena yekha pambuyo pake kuti nthanoyi ndi ya munthu wobwera ku nkhondo, ngakhale nkhondoyo sinatchulidwemo ngakhale kamodzi. Amene munakhalapo ndi wachibale woti waona zoopsa mukudziwa zimenezi. Amadzuka m'mamawa, kusesa pabwalo posesedwa kale, kukonza njinga yosawonongeka. Simumufunsa. Mumangodziwa.

Mathero a A Farewell to Arms nawonso ndi otero. Catherine Barkley wamwalira pobereka, mwananso wapita. Frederic akulowa m'chipinda kukatsanzikana naye, akuona kuti sizikuthandiza, akutuluka m'chipatala n'kubwerera ku hotela mvula ikugwa. Buku latha. Hemingway ananena kuti tsamba lomalizali analilemba ka 39 asanakhutire nalo. Ndiye tisamaganize kuti kulemba mwachidule ndi ulesi. Munthuyu anavutika kuchotsa chilichonse chimene chikanapempha wowerenga kuti alire, pofuna kuti misozi ikabwera ikhale ya wowerenga mwini wake.

Tsopano titembenukire kwa mnzake. Faulkner anabadwa mu 1897 ku New Albany, m'chigawo cha Mississippi, ndipo pafupifupi moyo wake wonse anakhala m'tauni yaing'ono ya Oxford. Nkhondo ya ku Ulaya iye sanamenye nawo. Anakalowa maphunziro oyendetsa ndege za nkhondo ku Canada mu 1918, koma nkhondo inatha asanamalize. Chodabwitsa n'chakuti anabwerera kwawo atavala yunifolomu, akutsimphina, n'kumalola anthu kukhulupirira kuti anavulala ku nkhondo. Komabe bala lenileni la kwawo linali lina, ndipo linali lakale. Mu 1860, anthu oposa theka a ku Mississippi anali akapolo. Agogo a bambo ake, William Clark Falkner, anali ndi akapolo, ndipo anatsogolera asilikali a kumwera pa nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865, imene akumwera anamenya pofuna kusunga ukapolo. Faulkner anakulira pakati pa azungu amene anagonja pa nkhondoyo koma osavomera kulakwa, amene ankakonda kukamba za ulemerero wa makolo awo uku akudumpha funso lakuti minda ija ankalima ndani, ndipo ana a khungu loyererako a m'nyumba za akapolo bambo wawo anali yani.

Iye anapeka boma lakelake, Yoknapatawpha, likulu lake Jefferson, n'kuikamo mabanja amene amabwerabwera m'mabuku ake. Mu The Sound and the Fury la 1929, nkhani ya kugwa kwa banja la Compson ikufotokozedwa kanayi. Woyamba kufotokoza ndi Benjy, bambo wa zaka 33 amene nzeru zake zinatsalira paubwana, ndipo sasiyanitsa dzulo ndi lero. Mu As I Lay Dying la 1930, banja losauka lanyamula maliro a mayi awo, Addie Bundren, pangolo kupita nawo ku Jefferson, kudutsa mtsinje wosefukira, mtembo ukununkha, miimba ikuwatsatira. Ofotokoza nkhaniyi alipo 15, m'mitu 59, ndipo ambiri a m'banjamo ali ndi zifukwa zawo zobisika zofunira ulendowo. Bambo wa m'nyumbamo, mwachitsanzo, akufuna akagule mano oikirira.

Koma buku limene likuyankha funso lathu ndi Absalom, Absalom! la 1936. Thomas Sutpen akufika ku Jefferson mu 1833 ali ndi gulu la akapolo, akupeza malo aakulu, akumanga chinyumba, akukwatira, akubereka Henry ndi Judith. Mu 1865, Henry akuwombera mnzake wapamtima, Charles Bon, pa chipata cha nyumbayo, pamene Bon amabwera kudzakwatira Judith. Zimenezi wowerenga amazidziwa koyambirira kwenikweni. Chimene sadziwa ndi chifukwa chake. Mayi wina wokalamba, Rosa Coldfield, akufotokoza mbali yake mwaukali. Bambo Compson akufotokoza yawo, n'kuvomera kuti nkhaniyo sikulumikizana. Kenako anyamata awiri, Quentin Compson ndi mnzake wa ku Canada wotchedwa Shreve, akhala m'chipinda chozizira ku Harvard mu 1910, kulumikiza zidutswa usiku wonse. Pang'onopang'ono zikutuluka. Bon anali mwana wa Sutpen yemweyo, wa mkazi woyamba wa ku Haiti, amene Sutpen anamusiya atamva kuti ali ndi magazi a munthu wakuda. Ndipo malinga ndi mmene anyamatawo akuionera nkhaniyi, Henry anali atafika polola kuti mchimwene wake akwatire mlongo wawo, koma atamva za magaziwo ndi pamene anatenga mfuti.

M'buku limeneli muli chiganizo chimodzi cha mawu 1,288, chimene buku la Guinness linachitchula mu 1983 kuti ndi chotalika koposa m'zolemba. Anthu amaseka akamva zimenezi. Koma tadzifunsani, n'chifukwa chiyani chiganizo chingakane kutha? Mvetserani munthu amene akuulula mlandu wa pabanja pawo. Amayamba, n'kubwerera m'mbuyo, n'kuwonjezera kuti komatu nthawi imeneyo zinthu zinali zina, n'kukonza zimene wanena, n'kuzungulira, chifukwa akudziwa kuti akafika pa mpumiro ayenera kutchula chinthucho ndi dzina lake. Chiganizo cha Faulkner chimayenda choncho. Chimanyamula zakale ndi zalero pamodzi, chifukwa kwa anthu akewo zakale sizinathe. Akuluakulu athu anati mlandu suwola. Faulkner anatenga choonadi chimenechi n'kuchisandutsa kamangidwe ka chiganizo.

Apa ndi pamene pali yankho langa. Kwathu kuno tili ndi malo awiri amene malamulo a kalankhulidwe amasiyana: pa siwa ndi pa bwalo la milandu. Ukapita kukapepesa maliro sutenga mawu ambiri. Umakhala pansi, kunena kuti pepani, n'kukhala chete pamodzi ndi anamfedwa. Wolongolola pa siwa timamuona ngati wosaleredwa bwino. Koma pa bwalo, mfumu imafuna kuti aliyense ayambire pachiyambi, mboni zilankhule, wodandaula anene zonse, ngakhale dzuwa lipendeke. Woimbidwa mlandu akangoti zakale zisiyeni, anthu amadziwa kuti pali chimene akubisa. Hemingway pa ubwino wake ankalemba ngati munthu wa pa siwa. Faulkner pa ubwino wake ankalemba ngati munthu wa pa bwalo. Bala likakhala lako, uli ndi ufulu wolisunga mumtima, paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma bala limene iwe kapena a kwanu munapweteka nalo wina, ufulu wolikwirira mulibe. Ndiye funso loyenera kufunsa chiganizo chilichonse, chachifupi kapena chachitali, n'lakuti: zimene zasiyidwazi, akupindula nazo ndani?

Wina anena kuti aaa, ndiye mwangogawa zinthu pakati kuti onse akondwe. Ayi ndithu. Muyezo umenewu ukuwagwira onse awiri, ndipo palibe amene akutuluka woyera.

Hemingway mwini ankadziwa kuti kusatchula chinthu kungakhale chida cha wamphamvu. Mu nthano ya Hills Like White Elephants ya 1927, mwamuna wa ku America ndi mtsikana wotchedwa Jig akhala pa siteshoni ya sitima ku Spain, akumwa mowa podikira sitima ya ku Madrid. Mwamunayo akumunyengerera kuti akachite opaleshoni imene akuti ndi yaing'ono. Liwu lakuti kuchotsa mimba silikutchulidwa paliponse. Koma taonani amene akupindula. Mwamunayo akupewa dzina la chinthucho kuti chioneke chopepuka, uku akubwerezabwereza kuti sakumukakamiza. Mtsikanayo akufika pomuchonderera kuti asiye kulankhula, ndipo pamapeto akuti ali bwinobwino, ife owerenga tikudziwa kuti sali bwino. Apa luso la Hemingway likugwira ntchito yabwino, chifukwa likutionetsa nkhanza imene imabisala m'mawu ofatsa.

Vuto limabwera pamene iye mwini wasiya anthu ena pansi pa madzi osazindikira. Anabwera kuno ku Africa kudzasaka nyama mu 1933 ndi 1934, ku Kenya ndi ku Tanganyika, n'kulemba Green Hills of Africa mu 1935, kenako The Snows of Kilimanjaro ndi The Short Happy Life of Francis Macomber mu 1936. M'nthano ziwirizi, mzungu ali ndi mantha ake, zokumbukira zake, chikumbumtima chake. Anthu akuda amanyamula mfuti, kuphika, kuthira mowa m'tambula. Mu nthano ya Macomber, mlembi akulowa ngakhale m'mutu mwa mkango wovulala kutiuza zimene ukumva, koma m'mutu mwa wonyamula mfuti amene akulowa naye m'tchire salowamo. Mayi Toni Morrison, m'buku lawo la Playing in the Dark la 1992, anaonetsa zofanana ndi zimenezi m'buku la To Have and Have Not la 1937, mmene munthu wakuda wogwira ntchito m'boti amamanidwa dzina ndi mawu pamene mzungu akufotokoza nkhani. Kukhala chete kumeneku si kwa pa siwa. Anthu amenewa sanasankhe okha kusalankhula, wolemba ndiye sanawapatse mpata. Mwa chenjezo lake lomwe lija, apa pali mphako.

Faulkner naye ali ndi mlandu wake. M'buku la The Sound and the Fury, ana aamuna atatu a Compson aliyense akulankhula ndi pakamwa pake. Dilsey, mayi wakuda amene wasenza banja lonselo pamsana, tikumuona kuchokera kunja, wina akumufotokoza. Ndipo nkhani ya ufulu wa anthu akuda itatentha, mlembi yemwe uja analephera kuyenda njira imene mabuku ake analoza. N'zoona kuti mu 1955 anadzudzula poyera kuphedwa kwa Emmett Till, mnyamata wakuda wa zaka 14 amene anaphedwa ku Mississippi komweko. Koma mu 1956, patangopita zaka ziwiri khoti lalikulu la dzikolo litagamula kuti kusankhana mitundu m'masukulu n'kosaloledwa, Faulkner analemba m'magazini ya Life kupempha omenyera ufulu kuti ayende pang'onopang'ono. Chaka chomwecho, pocheza ndi mtolankhani wina, anamveka akunena kuti zitafika pomenyana angaime ndi Mississippi ngakhale zitatanthauza kuwombera anthu akuda mumsewu. Mawuwa anadzawakana pambuyo pake. James Baldwin anamuyankha mwamphamvu, kumukumbutsa kuti anthu amene akuuzidwa kuti adikirewo anali atadikira kale zaka mazana. Paja zengerezu adalinda kwawukwawu. Apa tikuona kuti mawu ambiri nawonso angakhale pobisalira. Munthu angathe kuvomera mlandu mokoma, mozama, mpaka omvera kugwetsa misozi, koma pofika polipira mbuzi n'kuyamba kupempha kuti nkhaniyi tiionenso chaka chamawa.

Chinanso chimene ambiri sachiona n'chakuti Faulkner naye mawu sankawakhulupirira. Mu As I Lay Dying, Addie wakufayo wapatsidwa mutu umodzi wokha kuti alankhule, ndipo zimene akunena n'zakuti mawu ngati chikondi, tchimo ndi umayi anapangidwa ndi anthu amene zinthuzo sanazilawe, kuti atseke nawo dzenje. Kodi zimenezi zikusiyana pati ndi maganizo a Frederic Henry aja? Alembi awiriwa anadwala nthenda imodzi, yokayikira mawu, koma anamwa mankhwala osiyana. Wina anati poti mawu amanama, ndigwiritse ntchito ochepa amene ndingawaimire umboni. Mnzake anati poti liwu limodzi silikwanira, ndiunjike mawu ndi mboni zambiri, mwina choonadi chingaonekere pamene zikutsutsana. Ndipo Faulkner akafuna kufupikitsa ankatha. M'buku lomweli muli mutu wa mawu asanu okha, pamene kamwana kosokonezeka ndi imfa kakusakaniza mayi ake ndi nsomba imene kanagwira tsiku lomwelo.

Patsala funso limodzi lovuta. Ndanena kuti mwini bala ali ndi ufulu wokhala chete. Koma kodi ufulu umenewu ulibe mtengo wake? Amuna a m'mabuku a Hemingway amapirira, amamwa mowa, amawedza nsomba, sadandaula. Owerenga ambiri anatengera zimenezi ngati chithunzi cha mwamuna weniweni. Bambo ake a Hemingway anadzipha mu 1928. Iye mwini, atavulala koopsa pa ngozi ziwiri za ndege ku Uganda mu 1954, n'kudwala matenda a maganizo zaka zake zomaliza, anadzipha pa 2 Julaye 1961 ku Ketchum, m'chigawo cha Idaho. Sindikunena kuti kalembedwe ndiko kanamupha, matenda ali ndi zoyambitsa zake. Koma ife amene tinakula tikumva kuti mwamuna salira tiyenera kuwerenga Nick Adams mosamala. Nthano ija sikutiuza kuti Nick wachira. Dambo lija likadalipo, ndipo tsiku lina adzayenera kulowamo. Kukhala chete kumamuthandiza munthu kudutsa tsiku la lero. Kukasanduka lamulo la moyo wonse, n'kumanyoza aliyense wolira, kumakhala ndende. Pa siwa timakhala chete, inde, komatu timakhala pamodzi, ndipo m'nyumba muja amayi amakhala akulira mokweza m'malo mwa tonse.

Nanga ife a m'gulu muno titolepo chiyani? Nthano zimene timalemba zimakhudza zinthu zimene m'mabanja mwathu sizitchulidwa: mwana amene anapatsidwa mimba ndi wachibale, chuma cha amasiye chimene chinalandidwa maliro asanathe, matenda amene pa maliro timangoti anadwala nthawi yaitali. Mlembi aliyense amasankha choti anene ndi choti asiye. Ukamalemba za mtsikana wolakwiridwa, sukakamizidwa kuonetsa chilichonse chimene chinamuchitikira. Ungathe kumusiyira ulemu wake, n'kutionetsa mmene akutsukira mbale imodzi kachitatu. Pamenepo Hemingway ndi mphunzitsi wabwino. Koma nkhani ikafika kwa amalume amene anachita zimenezo, ndi akuluakulu amene anagwirizana kuti zithere m'nyumba, usafupikitse pofuna kuoneka waluso. Akhazike pa bwalo, aliyense alankhule, azitsutsana mpaka chimene akubisa chituluke. Chetechete sautsa nyama. Pamenepo Faulkner ndiye wotsogolera, bola osatengera zake zopempha kuti chilungamo chidikire.

Ndipo chenjezo kwa achinyamata amene mwayamba kumene: musakopere kunja kwa kalembedwe. Ziganizo zazifupi zopanda kanthu pansi pake ndi timakutu topanda mvuu. Ziganizo zazitali zopanda mlandu woti ziulule ndi phokoso chabe. Kuwerenga Faulkner kumafuna kupirira, paja kuona maso a nkhono n'kudekha, koma iye amakulipira pamapeto. Wowerenga wako nayenso ayenera kulipidwa.

Akuluakulu awiriwa sanakhale pa ubwenzi, koma ankawerengana. Hemingway atatulutsa The Old Man and the Sea mu 1952, Faulkner analemba ndemanga yaifupi yoliyamikira kuti ndi buku lake labwino koposa, ndipo chimene anachiona chatsopano m'menemo ndi chifundo. Patangopita chaka chimodzi ndi masiku anayi Hemingway atamwalira, Faulkner naye anatsikira kuli chete, pa 6 Julaye 1962.

Ndiye ndikusiyireni ntchito, abale anga. Tengani nthano imene mwalemba posachedwapa, kapena nkhani ya pabanja panu imene aliyense amaidziwa koma palibe amaitchula. Pezani chinthu chimene chasiyidwa, ndipo mudzifunse kuti kusiyidwa kwakeko kukuteteza wolakwiridwa kapena wolakwa. Amene mukuona kuti muyezo wangawu waphonya penapake, makamaka inu okonda Hemingway amene mukuti ndamupanikiza pa za Africa, bwerani nazo, bwalo ndi lanu.